Piyano Inakana Kutuluka, Iwe Tuluka

Kalingalinga, Lusaka
Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala m'shedi muno magetsi atazima, ndipo ndikukulembera ndi pensulo yomwe ndimalembera mizere pa matabwa a mukwa. Ukaona zilembo zonenepa usaseke. Ndikulemba chifukwa pakamwa ndalephera. Dzulo ndinayesa, koma nditangoti "Tiya", iwe unayamba kundifunsa ngati ndamwa mankhwala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndaona zimene wachita ndi sutikesi. M'mawa inali yotseka, itaima pafupi ndi chitseko. Masana ano ndalowa kukamwa madzi, ndaipeza ili pabedi yotsegula, majuzi abwerera m'kabati. Si koyamba. Azakhali ako a ku komboni ya Kuku andiuzanso zimene unawanong'oneza Lamulungu, zoti mwina ndege ya mawa ipite yokha, sukulu ya zoimbaimba ya ku Ulaya ipatse wina malo ako, iwe ukhale kuno uzindiphikira. Iwo akugwirizana nazo, ati mwana wamkazi sasiya bambo ake oferedwa ali okha m'nyumba. Oferedwawo ndine, ndipo ndikuti ayi. Bwezera majuzi aja m'sutikesi. Nkhani ya kalata yonseyi ndi imeneyo, zinazi ndikungokuuza kuti uzinyamule.

Uyambe wamva mmene piyano ija inafikira kwathu, poti iwe unali usanayambe n'komwe sukulu. Ndinaitanidwa ku Kabulonga kukakonza zitseko kunyumba ya mayi wina wokalamba amene ankasamuka. Pakhonde panali chibokosi chakuda, kumbuyo kwake chiswe chitayamba kudya. Mayiyo anati chikatayidwe. Ine ndinagogoda ndi chala, ndinamva kuti thabwa lake ndi labwino, mumtima n'kuti apa ndapeza kabati ya mbale ya amayi ako. Tinachikweza pa lole ndi Ba Mulenga, owotcherera zitsulo oyandikana nafewa, ndipo msana wanga ukudandaulabe mpaka lero. Macheka ndinali nditanola kale. Ndikutembenuka kuti nditenge nyundo, ndinangomva ndiii! Iwe uli njo pa zala za kumapazi, kamphuno kali mamina, ukudina pamene ukufikira. Unadina pena, n'kuyang'ana amayi ako, n'kubwereranso poyamba paja. Amayi ako anangoti, "Bambo a Tiya, mbale zanga zili bwino m'beseni." Kabatiyo sindinaipangenso. Ndikanafulumira pang'ono chabe, bwenzi lero tili ndi poika makapu basi. Ndiye kumene ukupitako usamaone munthu n'kuganiziratu ntchito imene ungamugwiritse. Yamba wamumvetsera.

Pakhomo chibokosicho chinakana kulowa. Mwayi wake tinali tikumanga chipinda chochezera, khoma limodzi lisanathe, ndiye tinachilowetsa pampata paja n'kumanga mabuloko pambuyo pake. Ba Mulenga anaima manja m'chiuno, ati, "Ba Phiri, manje tsiku mukafuna kuichosa, muzachita bwanji?" Ine ndinati ichokerenji, yafika kwawo. Tinaseka tonse.

Za chipsera chili patsaya langali, anzako kusukulu unkawauza kuti ndinamenyana ndi akuba. Bodza lako linali lokoma kuposa zoona zake. Nditatsegula piyano n'kuona mawaya ambirimbiri aja, ena akulira mokhota, ndinati aaa, zimenezi zingamuvute kalipentala? Chinthu chikakhwepa timamanga. Ndinatenga sipanala n'kuyamba kumanga ngati mabawuti a bedi. Waya wina anangoti thaa! n'kundikwapula pansi pa diso, magazi chuu. Amayi ako m'malo mondimvera chisoni anaseka mpaka kukhala pansi. Pambuyo pake Ba Chileshe, oliza limba kutchalitchi kwathu, amene anadzakhala aphunzitsi ako oyamba, anabwera ndi mkulu wina wodziwa kutchuna. Anatha tsiku lonse akupotoza pang'onopang'ono, khutu lili pa thabwa. Anandiuza kuti waya aliyense ali ndi pofika pake, ukapitirira amaduka. Iwe unatengera ine, Naphiri, umamanga mopitirira. Ndakuona ukubwereza kamzere kamodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tiyi atazizira pambali. Kuno ndimalowa ine n'kutseka chivundikiro. Kumeneko palibe adzakutsekere. Dzanja likayamba kuwawa, leka. Idya. Tuluka ukaone anthu mumsewu, ngakhale usawadziwe.

Ndipo ukapanda kumva, funsa. Ine ndisanakhale ndi shedi yangayanga ndinagwirapo ntchito pa fakitale ya mipando ku mafakitale aakulu kuja. Kapitawo wake ankalankhula Chizungu chothamanga ngati akuthawa mvula. Tsiku lina anandiuza muyeso wa miyendo ya matebulo, ine osamva bwino, koma ndinagwedeza mutu kuopa kuoneka mbuli pamaso pa anzanga. Ndinadula mulu wonse, mwaluso ndithu, bwinobwino, koma yonse yaifupi. Matebulo ake akanayenera ana a ku nasale. Kuchokera tsiku limenelo anzanga anandipatsa dzina loti Kafupi, ndipo ena akandiona m'tauni amandiitanabe choncho. Safunsa anadya phula. Iwe ukukakhala pakati pa ana amene anabadwira m'nyumba za mapiyano, ndipo aphunzitsi akatchula zinthu zimene onse akuzidziwa kupatula iwe. Kweza dzanja. Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo.

Nyimbo yako yoyamba kupeka ukuikumbuka? Unali ku pulayimale. Unabwera kudzandikoka malaya m'shedi, ine n'kukhala pampando utuchi uli m'tsitsi. Unaliza, unamaliza, unatembenuka nkhope ikuwala. Ine n'kufunsa kuti, "Yabwino, nanga mawu ake uika liti?" Kwa ine nyimbo yopanda mawu inali ngati chitseko chopanda mahinjesi, ntchito yosatha. Unatseka piyano mwakachetechete, ndipo sunandilankhule mpaka Lamulungu. Sindinali ndi njiru. Kwathu nyimbo ndi mawu, wina atsogole ena avomere, ndimo ndinakulira. Zinanditengera zaka kuti ndizolowere kukhala chete n'kusiya nyimboyo indiuze yokha. Ndikunena izi chifukwa kumeneko nakonso akakufunsa zopusa zawo. Mzungu wina amene anabwera kudzakumvera ukuliza kuholo ya m'tauni anayamba kale, ati bwanji m'nyimbo zako mulibe ng'oma, nanga si ndiwe wa ku Afirika. Ndinaona mmene unalumira mlomo. Usakawatsekere piyano, usakawakwiyire sabata yathunthu ngati unachitira ine. Ngati bambo ako okubereka anafunsa zopusa, kuli bwanji mlendo? Ayankhe mwaulemu, kenako liza zimene wapeka iwe, osati zimene iwo akuganiza kuti mwana wa kuno ayenera kupeka. Ukafuna kuikamo ng'oma, ika chifukwa wazifuna wekha.

Za kuholo zija ndisazisiye. Tsiku lako loyamba kuliza pamaso pa anthu ambiri m'tauni, ife tinavala ngati tikupita ku ukwati. Palibe anatiuza kuti nyimbo zanu zazitalizo zimakhala ndi zigawo, ndipo kuti pakati pa zigawo anthu sawomba m'manja, amangotsokomola. Utamaliza chigawo choyamba n'kukweza manja, amayi ako anadzuka n'kuliza nthungululu yoti ngakhale a ku komboni ya Mtendere anaimva. Ine pambali pawo m'manja phwa phwa phwa. Holo yonse zii, mitu yonse cheu. Ndinafuna kulowa pansi pa mpando. Amayi ako anangokonza duku n'kunena mokweza kuti, "Nanga si mwana wanga?" Unachita manyazi, ndikudziwa, mu minibasi pobwerera unangoyang'ana pawindo. Kumeneko adzakuwombera m'manja pa nthawi yake, mwaulemu wonse, ndipo mukatuluka panja aliyense adzalowera kwake. Tsiku limenelo udzailakalaka nthungululu yolakwika ija. Zikadzatero usadzaganize kuti unalakwa kupita. Ndi mmene kumakhalira kwa eni.

Kusungulumwa sukuyamba mawa, mwana wanga, unakuyamba kalekale. Ndani wina m'Kalingalinga muno amasangalala magetsi akazima? Komboni yonse kutukwana, Ba Mulenga kuponya pansi magalasi awo akuda, makina anga opalira ali duu, iwe liwiro kulowa m'nyumba chifukwa zopera zitsulo zaleka kulira ndipo piyano sifuna magetsi. Anzako ankapita ku makitchini pate, maphwando olangiza akwatibwi aja, ndi kumsika, iwe uli wekha ndi mapepala ako a timadontho takuda. Ena ankati ndiwe wonyada. Ena ankanong'ona zoipa kuposa apo, ati nyimbo zopanda mawu amaimbira ndani. Zonsezo ndinkazimva pogulitsa zitseko m'mbali mwa msewu. Ntchito wasankhayi ndi ya munthu mmodzi m'chipinda. Ine thabwa ndimapala ndikucheza, iwe sungathe. Ndiye poti ntchito ikukutsekera wekha, ukatuluka uzichita kufuna anthu dala. Moni uyambe ndiwe. Akapanda kuyankha, mawa uperekenso.

Anthuwo udzawafuna, usadzinamize. Chaka chija cha mvula yambiri ine ndi Ba Mulenga tinali titayambana, ndipo tinayambanira iwe. Unkakonzekera mayeso a piyano, iwo akupera mageti kuyambira m'mamawa, ine n'kupita kukawauza mawu amene sindingawalembe pano. Iwo anati, "Imwe Ba Phiri, bana banga bazadya nyimbo?" Tinakhala osapatsana moni mwezi ndi mwezi. Ndiye inabwera mvula ija, ngalande zonse kudzaza, madzi kuyamba kulowa pansi pa chitseko. Ine ndi amayi ako tinayesa kukweza piyano, koma inangotiyang'ana. Amayi ako anati kaitaneni Ba Mulenga, ine ndinati bola imire. Madzi atafika m'kakolo, ndinangoona chitseko chikukankhidwa, munthu uja walowa atanyowa chonyowa, wasenza mabuloko, kumbuyo kwake amuna ena a mumzere mwathu. Sanandiyang'ane n'komwe, anangoti, "Gwilani uko." Mabuloko aja ali pansi pake mpaka lero. Mutu umodzi susenza denga, ndipo piyano ndi yolemera kuposa denga. Ukadzayambana ndi munthu kumeneko, usadzamalize mawu onse, udzasiyeko ena m'kamwa.

Agogo ako aamuna, bambo anga, sunawapeze. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzaphika m'nyumba za azungu kuno, ati kwa kanthawi chabe. Anafera kuno ali nkhalamba, ndipo kwawo ankawatchula mtchona. Chimene ndimawakumbukira nacho n'chakuti madzulo ankakhala pampando panja, nkhope kum'mawa, kumene kuli kwawo. Kuno sanakhale ndi mtima wonse, kwawo sanabwerere. Ngakhale mtengo wa mango anakana kudzala pabwalo, ati tidzausiyira ndani. Iwe usakachite zimenezo. Ukafika, fika. Gula poto wako, dziwa dzina la woyandikana naye, phunzira kudya zakudya zawo ngakhale zikhale zozizira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma foni uziimba. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndizikhala nayo m'thumba la malaya. Usamadikire kuti ukhale ndi nkhani yabwino. Utchona umayamba choncho, munthu kudikira kuti zinthu ziyambe zayenda kaye kenako alankhule ndi kwawo. Ukalephera mayeso imba. Ukalira imba. Ukasowa chonena imba, tizingomvana kupuma.

Tsopano ndifike pamene pakuwawa, pamene tonse awiri takhala tikupazemba.

Amayi ako atatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira, unaona wekha mwambo wake. Uthenga usanafike n'komwe ku Kuku, amuna anali atayamba kale kutulutsa katundu m'chipinda chochezera, monga timachitira pa maliro kuti azimayi apeze pokhala pansi. Mipando, tebulo, wailesi, zonse panja pa tenti pamene amuna timakhala. Anafika pa piyano. Anaikankha mpaka pakhomo, inakana. Anaipendeketsa, inakana. Ba Mulenga anandiyang'ana, ndipo funso lawo lakale lija ndinalimva. Wina anati tigumule khoma. Azakhali ako anati pa maliro sagumula nyumba, ndi malodza amenewo. Basi anaibwezera pakona pa mabuloko ake n'kuifunditsa chitenje ngati nayonso ndi namfedwa, azimayi n'kukhala mothithikana moizungulira, ena ataitsamira.

Tsiku loika, m'mawa, azimayi a kutchalitchi anayambitsa nyimbo ija amayi ako ankaikonda. Ine ndinali panja. Ndinangoona azimayi akutuluka mopanikizana pakhomo, wina duku lili m'manja, akukuwa kuti, "Chilila cheka! Chinthu chija chilila cheka!" Ati piyano ikulira yokha. Ndinalowa kukaona. Ndipo zoonadi, ndinamva ndi makutu angawa. Otsala aja akaimba mzere n'kupuma, pansi pa chitenje pankatsala kulira kwapansipansi, ngati gulu lina likuvomera chapatali. Azakhali ako anagwada, ati ndi malemu akutsanzika. Wina kumbuyo anatchula za satana. Ndiwe amene unadzuka pamphasa, maso otupa, n'kupita kwa Bana Mwape a kuseri kwathuku, amene anali atakhala pa chikwama chawo n'kutsamira piyano, kulemera kwawo konse kuli pa chopondera cha kumanja cha piyano, chija umadina ndi phazi poliza. Unawagwira paphewa n'kuti, "Sunthani pang'ono, mayi." Atasuntha, zii. Unawauza azimayi ndi mawu osasa kuti chopondera chimenecho chimamasula mawaya onse, ndipo mawaya akamasuka amayankha mawu aliwonse a m'chipinda. Bana Mwape anati, "Mayo ine! Nenze kumvela chinthu chinilasa kumbuyo, koma pa malilo sungadandaule." Ena anaseka misozi ili m'masaya. Kenako unachita chimene sindidzaiwala. Unakhala pansi pomwepo, unadina chopondera chija ndi dzanja lako, n'kuwauza kuti, "Pitirizani." Othawa aja anabwerera mmodzimmodzi. Anaimba, piyano ikuvomera, mpaka galimoto ya bokosi inafika.

Nyimbo imene unapeka pambuyo pake inachokera pamenepo. Ndinaimva ikubadwa kuseri kwa khoma miyezi yonse ija, dzanja lamanzere likuyenda pang'onopang'ono ngati azimayi olowa pa maliro, lamanja likuyamba mzere n'kuusiya m'malere, kenako iwe kuchotsa manja onse n'kusiya mawaya alire okha. Za mawu sindinafunse. Ndinkangozimitsa makina n'kukhala pa mulu wa matabwa mpaka uthe. Ndiyo imene munajambula ndi Ba Chileshe n'kutumiza, ndiyo yakutsegulira malo kumeneko. Ndipo ndikudziwa chimene chikukudya, poti unauza azakhali ako, ndipo azakhali ako pakamwa sipatsekeka. Ukuti wapindula ndi imfa. Ukuti waponda pa maliro a amayi ako kuti ukwere, kenako usiyenso bambo ako. Tiya, leka zimenezo, undikwiyitsa. Bokosi la amayi ako ndinalipala ndekha ndi manja awa, ndinalipaka vanishi, ndipo linali lokongola kuposa chilichonse ndinapangapo. Anthu analiyamikira kumanda. Kodi ndinalakwa? Aliyense amalira ndi chimene ali nacho m'manja. Ine ndinali ndi mukwa, Bana Mwape anali ndi mawu, iwe unali ndi mawaya. Ndipo mayi amene analiza nthungululu pakati pa nyimbo uja, ukuganiza kuti angakuuze kuti tsala uziphikira amuna anga? Akanakuthamangitsa ndi mthiko mpaka pa siteji ya minibasi.

Piyano inakana kutuluka chifukwa ine ndinaimangira khoma mosaganiza za mawa. Iwe sindinakumangire khoma. Khomo ndi lomwelo, ndipo ukukwanapo bwinobwino.

Sindikunamiza kuti ndidzakhala bwino. Chichokereni amayi ako, chimene chimandiuza kuti kwacha ndi zala zako zikukwera ndi kutsika pa makiyi. Kuyambira Loweruka m'nyumba mudzakhala zii woti ndizidzamva firiji ya Bana Mwape kuseri kwa khoma. Ndikuopa madzulo, nthawi ija anthu alowetsa zitseko ndi mageti awo m'mashedi, utsi wa mbaula wadzaza mumzere, aliyense akuitanidwa ndi wina kuti madzi osamba apsa. Ndizidzaphika zambiri mwachizolowezi n'kusowa wodya naye. Ndizidzatembenuka kuti ndikuuze kanthu koseketsa n'kupeza mpando. Zonsezi ndaziyeza mbali zonse ngati thabwa, ndipo ndikuziopa, sindibisa. Koma pali kusungulumwa kwina kumene sindingakupirire. Ndiko kukuona zaka zikubwerazi uli pa mbaula, zala zimenezo zitauma ndi sopo wochapira, ukundipatsa mbale mwaulemu, tonse awiri tikudziwa chimene unasiya chifukwa cha ine, koma osachitchula. Pamenepo ndiye ndingakhale ndekha zenizeni, ngakhale iwe uli pampando wapafupi.

Za kudya usade nazo nkhawa. Ndinali mbeta yamphongo amayi ako asanandipulumutse, nyemba ndi kapenta sizinandiiwale. Bana Mwape alengeza kale mumzere monse kuti ndikaonda ndi manyazi awo. Mankhwala ndizimwa, ndalonjeza, usachitenso kundifunsa ngati mwana. Piyano ndiziyang'ana kumbuyo kwake za chiswe, ndipo Ba Chileshe apempha kuti azibweretsa ophunzira awo Loweruka kuti isaume. Adzandipha ndi kulakwitsa kwawo, koma ndavomera.

Zinanso zing'onozing'ono, ndisanaiwale. Manja uziwafunda, akuti kuzizira kwa kumeneko kumaluma zala poyamba. Tchalitchi ukachifune sabata yoyamba, ngakhale akaimbe mozizira. Aphunzitsi akakang'amba nyimbo yako ndi pensulo yofiira, lira kunyumba, mawa ubwerere nayo. Za anyamata sindinena zambiri, ukanawafunsa amayi ako. Langa ndi limodzi: mnyamata amene sangathe kukhala chete mpaka nyimbo ithe, kapena wofuna kuti usiye piyano uzimuyang'ana iye, musiye apite. Ndipo ukadzatchuka, anthu akadzakufunsa kumene unachokera, usadzangoti Lusaka. Udzati Kalingalinga.

Chomaliza, ndipo apa usanditsutse. Mawa sindikuperekeza ku bwalo la ndege. Ndikudziwa kuti si mwambo wake, mlendo amaperekezedwa, kuli bwanji mwana wobereka wekha. Azakhali ako adzandinena mpaka Khirisimasi, anene. Apite ndi iwowo pamodzi ndi Ba Chileshe, Ba Mulenga ayendetsa. Ine ndimakudziwa iwe, ndipo nkhope yanga ndimaidziwa. Ukakatembenuka pa chitseko chomaliza n'kundiona nditaima chipewa chili m'manja, sukakwera. Ndipo ukakandifunsa pamenepo kuti, "Atate, nditsale?" sindikudziwa chimene pakamwa panga pakayankhe. Lero ndili ndi mphamvu zonena kuti pita, n'chifukwa chake ndalemba lero. Mawa usandifunse.

M'mawa tipemphera pakhomo, ndikugwira pamutu, kenako ndilowa m'shedi n'kutseka. Ukamva ndikukhoma misomali usabwere kudzagogoda. Palibe chimene ndidzakhale ndikupanga. Kwera galimoto.

Ndine bambo ako,
Laisoni Phiri